Kachitini ka Atate pa Msewu wa ku Tete

Masiku ano adzukulu anga amakwera shapa, timinibasi tija, ku Ulongwe m'mawa, dzuwa lisanapendeke ali ku Tete akudya nsomba, ndiye akabwerako amandidandaulira kuti msana ukuwawa. Msana! Ine msewu womwewo udanditengera masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndikaukumbukira zimakhala ngati ndatsika dzulo. Ndidali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nthawi ya Apwitikizi, Ulongwe akutchedwa Vila Coutinho. Koma kuti mumve chimene tinkathamangira, ndiyambe ndi atate.

Atate anga, aTadeyu, sadali Mngoni, sadalinso Mpwitikizi. Bambo wawo adali mzungu wa ku Poloniya, mayi wawo wa ku Japani, ndipo iwo adabadwira m'dziko lachitatu, mumzinda wina wozizira wa ku China kumene agogo aamuna ankagwira ntchito ya njanji. Ankasimba kuti kumeneko ana a ku Poloniya ankawanena kuti ndi Mjapani, Ajapani n'kumawanena kuti ndi mzungu. Atatopa nazo adakwera sitima ya pamadzi, adatsikira ku Beira, ndipo mapeto ake adafika kumapiri kuno n'kumayendetsa chigayo pafupi ndi mishoni ya Fonte Boa. Ankati adatsata kuzizira. Kuno nako anthu adangowatcha Mchaina, iwo n'kusiya kutsutsa. Adakwatira amayi anga, aNankhoma a ku Lifidzi, pamaso pa padiri, ndipo mwa ana atatu amene adabadwa, wokhala moyo ndidali ine ndekha, Sofiya.

Kwathu kudali kovuta kufotokozera anzanga. Wolowa m'nyumba ankasiya nsapato pakhomo, ngakhale padiri amene. Atate ankadya ndi timitengo tiwiri, koma asanayambe ankachita chizindikiro cha mtanda, ndipo madzulo a Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, ankaika mbale imodzi yopanda mwini, ati ya mlendo amene angatulukire. Amayi ankangowayang'ana, n'kukadyera pakhonde ndi manja. Ine ndinkayamba ndi atate, n'kukamalizira ndi amayi. Wina angati ndinkadya kawiri, koma zoona zake n'zakuti sindinkakhazikika pena paliponse.

Chimene chidandizunza kwambiri ndi tsitsi. Lidali lakuda bii, lowongoka ngati udzu wofolera, ndipo atate adalamula kuti lumo lisadzalikhudze. Ku shikola ana ankalikoka akundiitana Nachaina. Ku Vila ana a Apwitikizi ankandipenya ngati mbuzi yovala deresi. Agogo anga a ku Lifidzi atamwalira, tsiku lometa abale onse adametedwa mpala, ine ndekha ndidatsala ndi mchira wangawo kumsana. Azakhali adanena ndikumva kuti, “Uyu sali pamaliro, wangobwera kudzaonerera.” Ndidalira tsiku limenelo, osati chifukwa cha agogo okha.

Ndiye padali kachitini. Kadali kachitini ka tiyi, kofiira koma kosuluka, kamene kankakhala pathandala pamwamba pa bedi la atate. M'katimo mudali zinthu ziwiri: kachithunzi ka Maria kamene bambo wawo adawapatsa, ndi kamtolo ka tsitsi la mayi wawo, kokulungidwa m'pepala loyera. Mayiwo adadula okha tsitsilo tsiku limene mwana wawo ankanyamuka. Atate ankandiuza m'Chinyanja chawo chopunduka chija kuti, “Sofiya, ine kufa, iwe kuika chitini pamodzi ndi ine. Ine nkhope yasintha. Popanda tsitsi, mayi wanga osadziwa ine.”

Amayi kachitiniko sadakakhudzepo. Posesa ankalambalala thandalalo, ndipo atate akakatsitsa, amayi ankatuluka chogwada n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Ine ndinkati ndi mantha. Kwathu kuno tsitsi la munthu wakufa salisunga m'nyumba, amasunga ndi afiti. Ndipo ndinene poyera, ndinkawakwiyira amayi mumtima, ndimvekere akunyansidwa ndi mbali yanga ya kwa atate.

Chaka chimenecho fumbi la chigayo lidawadya atate m'chifuwa. Mvula itayamba, padiri adawatengera ku chipatala ku Tete pa galimoto ya mishoni. Ndidati atenge kachitini, adakana, ati kukatenga n'kuitana imfa. Patapita masabata atatu padiri adabwera yekha pakhomo pathu, adavula nsapato, n'kunena kuti kwabwera uthenga wa mawu ochepa: bwerani, mutenge kachitini. Palibe adafunsa tanthauzo lake.

Tsiku loyamba lidathera ku Vila. Tidanyamuka mbandakucha wapansi, amayi atasenza mtolo wa ufa ndi nyemba, ine nditamangira kachitini pamimba mkati mwa deresi. Nthawi imeneyo munthu sankangoyenda, ankafunika giya, kalata yosonyeza kumene akupita. Ya amayi idatuluka mosavuta. Itafika yanga, mlembi adandiyang'ana kumaso, adayang'ana amayi, adayang'ananso ine.

“Bambo wako ndi mzungu?”

“Theka,” ndidatero.

“Theka linalo?”

“Mjapani.”

Adaika cholembera pansi. Papepala pake padalibe malo a munthu wotero. Adakafunsa mkulu wake, mkuluyo adali atapita kukadya, atabwerako nayenso adati aganize kaye. Tidakhala pakhonde mpaka mithunzi idatalika. Pomaliza adalemba chimene adalembacho, sindidafunse n'komwe. Kamiyau ya tsiku limenelo, lole yonyamula katundu ndi anthu, idali itapita kalekale, choncho tidagona kwa wachibale wina kuseri kwa msika.

M'mawa mwake tidapeza kamiyau ina, yodzaza matumba a mbatata ya kachewere, anthu okwana khumi ndi awiri atakhala pamwamba pake. Shofeli wake adali Sinyoro Bento, mulatu, kapena kuti mkaladi, wa ku Tete, wamimba yaikulu ndi chipewa chonona mafuta. Atandiona adatsegula chitseko cha kutsogolo.

“Menina akhale kuno. Mayiyo kumbuyo.”

Ndikadakana. Koma ndidali ndisanakhalepo kutsogolo kwa galimoto, ndipo amayi adandikankha pang'ono pamsana, amvekere, “Kwera, usatichedwetse.” Ndidakwera. Tisanapite patali mvula idayamba, ya kwathu ija yobwera cham'mbali ndi mphepo. Ine ndidali pouma. Nditasuzumira pa kawindo kakumbuyo ndidaona amayi atadzifunditsa thumba, madzi akuyenderera m'zigongono. Bento ankandilankhula Chipwitikizi, akufunsa ngati ndimadya nsima ngati anthu akuda, ine ndikungoti inde, inde, manyazi atandigwira.

Titaima pa Mtengo wa Mbalame kuti athire madzi mu injini, ndidatsika n'kukwera kumbuyo. Anthu adandipatsa malo ambiri kuposa amene ndinkafuna. Bambo wina wamtali, aKamwendo, amene ankapita kukafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndiye adayamba.

“Taonani, mzungu wathawa mpando! Dona, kuno kulibe khushoni, kuli kachewere.”

“Musiyeni mwana,” adatero mayi wina wobereka khanda, dzina lake Nachisale. Koma nayenso dzanja lake lidafika pa tsitsi langa, kuligwiragwira ngati akusankha nsalu m'kantina.

Walira mvula walira matope, koma ife mvulayo sitidaiitane. Masana amenewo kamiyau idatitimira katatu. Ikatitimira tinkatsika tonse, amuna kudula nthambi n'kuyala pansi pa matayala, akazi kutsitsa matumba kuti ipepuke, kenako kukankha, kenako kukwezanso matumba omwewo. Pamene ikutitimira kachitatu palibe ankatukwananso, mphamvu yotukwanira idali itatha. AKamwendo adataya nsapato imodzi m'matope, adaifunafuna ndi mkono mpaka paphewa, n'kutulutsa chule. Tidaseka pang'ono, ndi kuseka kwa anthu otopa. Tidagona pakhonde la kantina ina ya m'mbali mwa msewu, zovala zili chinyowere.

Tsiku lachitatu ndiye lidatipha. Tidafika pa kamtsinje kena kopanda mlatho, kamene nthawi ya chilimwe mwana amakadumpha. Tsikulo kadali katakwiya. Bento adadikira mpaka dzuwa lidakwera, adaona madzi atsikako, adalowetsa kamiyau. Idawoloka ndithu, idakwera kamtunda ka tsidya linalo, kenako idatsokomola kawiri n'kuti zii. Adapukusa chitsulo choliza injini mpaka thukuta kamukamu. Amuna adasinthana kupukusa. Kamiyau idangokhala ngati mwala.

Tidakhala pamenepo. Ndikamati tidakhala, ndikunena kukhala kumene munthu umadziwa mtengo uliwonse wa pamalopo. Padali mtengo wa msuku wopanda zipatso, chulu, ndi ntchentche. Khanda la Nachisale lidalira mpaka mawu adasasa. Amayi adaphika nyemba pa moto wa nkhuni zonyowa, utsi wokhawokha, nyemba osapsa. Ine ndinkangowerengera mumtima kuti uthenga uja udanyamuka liti ku Tete, ndipo munthu wodwala chifuwa angadikire masiku angati. Dzanja langa silinkachoka pamimba.

Dzanja limenelo ndi limene lidandigwiritsa. Dzuwa litapendeka aKamwendo adaimirira n'kuyeretsa kukhosi.

“Abale, tisanamizane. Galimoto siifa chabe. Dzulo katatu, lero izi. Pali wina wanyamula chinthu pano, ndipo chinthucho chikukana ulendo.”

Anthu adavomera ndi mitu. Aliyense kwathu ankadziwa kuti galimoto ikanyamula chizimba imakana kuyenda. Adagwirizana kuti aliyense amasule mtolo wake. Mudatuluka fodya, mazira ophika, lumo la aKamwendo, buku la nyimbo. Amayi adamasula wathu, ufa ndi nyemba basi.

“Nanga donayu wagwira chiyani pamimba chiyambire dzulo? Kapena ndi pakati?”

Ena adaseka. Ine magazi adathamangira kumaso. Ndidatulutsa kachitini kuti ndiwatseke pakamwa, koma aKamwendo adakatsomphola n'kukatsegula. Kachithunzi kadagwera pa thumba. Adafunyulula pepala loyera lija, ndipo tsitsi lidati lende m'manja mwawo, lalitali, lakuda, lomangidwa ndi ulusi wofiira. Adaliponya m'kachitini ngati lawawotcha.

“Mayo ine! Tsitsi la munthu! Si izi nanga?”

Anthu adabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Wina adakuwa kuti katayidwe mumtsinje, ena adavomera, ndipo aKamwendo adakanyamula ndi timitengo tiwiri, osafuna kukagwiranso, n'kulunjika kumadzi. Ndidawathamangira, ndidagwira malaya awo, ndikukuwa kuti n'ka atate anga, atate anga akufa, koma mawu anga ankangomveka ngati a mwana wolirira chidole. Ndidayang'ana kwa Bento. Iye adali pansi pa boneti, nkhani za anthu akumbuyo sizinkamukhudza. Kwa amayi sindidayang'ane n'komwe. Ndinkati mumtima mwawo akusangalala kuti chinthu chija chichoka.

“AKamwendo.”

Adali amayi. Sadakuwe. Adali atagwada pamatope, atayang'ana kumbali, monga mkazi amachitira pamaso pa akuluakulu.

“AKamwendo, amene mwawanyamula ndi timitengowo ndi apongozi anga.”

AKamwendo adacheuka.

“Ndi mayi wa amuna anga. Kwawo n'kutali, tsidya la nyanja zambiri, ndipo sadathe kubwera ndi miyendo, ndiye adabwera chomwecho. Akhala m'nyumba mwanga zaka zonsezi. Sindidawakhudzepo, sindidakhalepo nawo pamphasa imodzi, sindidawayang'anepo kumaso, chifukwa ine ndidaleredwa. Lero mwana wawo ali gone ku Tete, wawaitana, ndipo ine ndikuwaperekeza. Tsono inu, amene muli ndi apongozi anu kumudzi, aponyeni m'madzi ndione.”

AKamwendo adaima chiimire. Ine ndidangoti kukamwa yasa. Zaka zonse zija, kutuluka chogwada kuja, kulambalala thandala kuja, ine ndikuti ndi mantha a ufiti, kani udali ulemu. Amayi ankachita ndi kachitini ka tiyi zimene mkazi aliyense wa ku Lifidzi amachita ndi mayi wa mwamuna wake. Ndidachita manyazi oposa a kutsogolo kwa kamiyau aja.

Nachisale ndiye adayamba kulankhula. Adali atatola kachithunzi kaja, akukapenyetsetsa.

“Abale, taonani Maria uyu. Nkhope yakuda ngati ife! Ndipo ali ndi mphini ziwiri patsaya!”

Akazi adaunjikana kuti aone. Zidalidi choncho, Maria wa kwawo kwa agogo aamuna ndi wakuda, ali ndi zipsera patsaya. Wina adati mfiti singasunge chizimba pamodzi ndi Maria, chingasungunuke. AKamwendo adabwerera pang'onopang'ono, adaika kachitini pa thumba, koma pakamwa sipadafune kugonja.

“Chabwino, mayi. Koma galimoto yakana. Mutiuze chifukwa chake.”

“Inu simukuona?” adatero amayi. “Munthu wamkulu ngati ameneyu mwamukhazika pa matumba, pakati pa mapazi a amuna, kutsogolo kuli mpando wopanda munthu. Inu mukadakhala iwo mukadayenda?”

Ndikukuuzani, nkhaniyo idatha choncho. Amuna atatu adapita kwa Bento kukamuuza kuti agogo akhala kutsogolo. Bento adatukula mapewa, amvekere akhale kulikonse, bola asasute fodya. Ndiye padabuka funso la wowagwirizira. Amayi adakana, ati iwo sangakhale mpando umodzi ndi apongozi. “Apite mdzukulu wawo. Mdzukulu ndi agogo ake alibe malire.” Ndidabwezera tsitsi m'pepala lake. Aka kadali koyamba kuliona ndi maso anga, ndipo ndidaliyerekeza ndi nsonga ya langa. Lidali limodzimodzi, kuda kwake, kuwongoka kwake. Chibadwire ndidali ndisanaonepo mkazi wina wa tsitsi ngati langa.

Kamiyau siidalire tsiku limenelo. Idalira m'mawa mwake, pa kupukusa kwachiwiri, ndipo kumbuyo kudamveka nthungululu. Ine, mwana wa mwini chigayo, ndidaona Bento akuwamba nsanza pamoto n'kumaumitsa nazo mawaya kuyambira mbandakucha. Koma sindidanene kanthu, ndipo Bento naye sadanene.

Tsiku lachinayi lidali lotsetsereka. Ndidakhalanso pa mpando womwe uja, kachitini pamiyendo, koma tsopano ndidalibe manyazi. Mapiri athu adatsalira m'mbuyo, mphepo yozizira idatha, idayamba milambe ndi kutentha kumene ndidali ndisanakumvepo, kokhala ngati wina wakuphimba ndi bulangete lonyowa. Pa Musakama tayala lidaphulika, tidataya theka la masana. Titafika ku Moatize, fumbi la malasha lili mbuu pamasamba, ambiri adatsika. AKamwendo, nsapato imodzi kuphazi ina kulibe, adabwera pawindo langa, adavula chipewa, osayang'ana ine koma kachitini.

“Muyende bwino, mayi. Mutikhululukire, sitidakudziweni.”

Adandisiyira chimanga chowotcha chimodzi n'kumapita.

Tidafika pa Matundo dzuwa likulowa. Apo ndi pamene msewu unkathera, chifukwa mlatho wa pa Zambezi udali usanamangidwe. Magalimoto ankawoloka pa batelau, chombo chathyathyathya chimene chinkanyamula kamiyau yathunthu. Ine ndidali ndisanaonepo madzi otero. Adali ofiira, otakata ngati dambo lonse la kwathu, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe. Tsidya linalo nyumba za Tete zinkaoneka mbee, pafupi kwambiri moti munthu ukadati ukuwe akumva. Batelau idali yomangidwa. Adatiuza kuti madzi achuluka, mwina mawa.

Mawa lake ndi tsiku limene sindifuna kulikumbukira, koma ndi limene limabwera lokha. Palibe chidachitika. Makamiyau adandandalika m'mbali mwa msewu, mbatata ya Bento idayamba kununkha, anthu ankagona pansi pa magalimoto kuthawa dzuwa. Amayi milomo idang'ambika. Anthu a kumeneko amalankhula Chinyungwe, tinkamvana mwa apo ndi apo. Ndidafunsa woyang'anira batelau kasanu, kachisanuko adangondilozera madzi ndi chibwano. Bento adandisonyeza denga la chipatala, ndipo ndidakhala pamwala tsiku lonse ndikuliyang'ana, kachitini m'manja, ngati kuyang'anako kungaphwetse mtsinje. Chakumadzulo belu lidalira tsidya linalo, pang'onopang'ono, kamodzikamodzi. Amayi adatukula mutu, adamvetsera.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi batelau idali chimangidwire. Amayi adamanga nsalu m'chiuno n'kupita kwa asodzi. Amayi anga, munthu wa kumapiri amene ankaopa ngakhale kuwoloka pa mtengo wogonekedwa pa ngalande, adagwirizana ndi mwini bwato, adamupatsa ufa wonse umene udatsala. Tidakhala pansi m'bwatomo, madzi akulowa m'mbali. Amayi adatsinzina kuyambira tsidya lino mpaka linalo, akunena Tikuoneni Maria mosapumira. Madzi adatikokera kumunsi kwambiri moti titatsika tidayendanso mtunda wautali kubwerera kumtunda.

Kuchipatala tidapeza bambo wina wothandiza odwala. Atangomva malankhulidwe a amayi adati, “Inu ndinu a kwathu ku Angoniya.” Kenako adaona nkhope yanga, ndipo nkhope yake idagwa.

“Ndinu a kwa aTadeyu.”

“Ndife,” adatero amayi.

“Pepani, mayi. Adatisiya dzulo m'mawa. Kuno ndi kutenthaku maliro sagona, tidawaika dzulo lomwelo chakumadzulo. Ankafunsa za inu. Ankafunsanso za chitini, ife osadziwa kuti n'chitini chanji.”

Belu lija. Ndidakhala pansi pomwepo pakhonde la chipatala. Sindidalire msanga, ndidali nditatopa kwambiri moti misozi idasowa podzera. Ndinkangoganiza za tsiku limene tidataya kwa mlembi, za kamtsinje kaja, za tayala la pa Musakama, ndikuwerengera ngati kuwerengerako kungabweze tsiku limodzi lokha. Chinthu chimodzi chimene atate adandipempha moyo wawo wonse, ndidachilephera ndi mtsinje umodzi.

Bamboyo adatiperekeza kumanda. Atate adawaika kumapeto, pafupi ndi mpanda, mtumbira wa dothi lofiira lisanaume. Apo amayi adalira maliro enieni a kwathu, mokweza, akuwatchula atate mayina onse, ndi la Mchaina lomwe. Ine ndidalira nawo. Atatonthola adapukuta kumaso n'kufunsa bamboyo ngati angapeze lumo. Adapita, adabwera nalo.

Amayi adagwada kumutu kwa mtumbira n'kuyamba kufukula ndi manja. Dothi lidali lofewa. Adakumba mpaka mkono wonse udalowa.

“Amayi, sikafika,” ndidatero. “Iwo ali pansi kwambiri. Adati pamodzi ndi iwo.”

“Mayi akafika pakhomo pa mwana wake, sasochera. Kwatsalako ayenda okha. Khala pansi apa.”

Ndidakhala. Adamasula tsitsi langa, lidagwera kumsana mpaka m'chiuno.

“Atate adaletsa,” ndidatero.

“Adaletsa ali moyo, ndipo ine ndidamvera. Lero ndi maliro a bambo wako. Kumudzi n'kutali, tilibe masiku odikira. Palibe adzanenenso kuti iwe udabwera kudzaonerera.”

Lumo lidali lobuntha, lidandicheka pawiri. Ndidamva mphepo ikukhudza khungu la pamutu panga koyamba chibadwire. Atamaliza kundimeta, adapereka lumo kwa ine, ndipo ndidawameta iwo. Kenako adasankha kamtolo ka tsitsi langa, adasolola ulusi pa nsalu yawo n'kukamanga.

“Tsegula.”

Ndidatsegula kachitini. Adati ndiike langa pambali pa la agogo.

“Ife tachedwa, sitidatenge la bambo wako kuti udzapite nalo,” adatero. “Ndiye lako litsogole. Tsiku lako likadzafika, adzakhala ali nalo kale, adzakudziwa.”

Nditatseka, adatambasula manja onse awiri. Ndidazengereza, chifukwa chibadwire ndidali ndisanaone zala zawo pa kachitiniko. Adakalandira, adakagwira pachifuwa kanthawi, adakayang'ana maso ndi maso.

“Amayi,” adatero, “mwana wanu ndi uyu. Tachedwa, koma takufikitsani.”

Adakatsitsira m'dzenjemo, ndipo tidakwirira tonse awiri.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, udali msewu womwewo ndi matope omwewo. Tidakhala kumbuyo tonse, mitu iwiri ya mpala pansi pa thumba limodzi, ndipo palibe shofeli adanditsegulira chitseko. Titafika ku Lifidzi azakhali adandisisita pamutu, n'kundipatsa mphasa pakati pa abale.

Tsitsi lidameranso, lowongoka ngati kale, ndipo ndidasiya kudana nalo. Amayi adapita, anzanga a ku shikola amene ankalikoka adapita pafupifupi onse. Ine ndatsala, ndipo ulendo wotsalawo sindiuopa, sungatopetse kuposa wa ku Tete. Nkhawa yanga ndi imodzi yokha, imene adzukulu amaseka ndikainena. Atate ndi agogo ali ndi tsitsi langa lakuda, ine ndikupita ndi loyera.